Denga la a Magalasi

Dzina lawo la ubatizo linali Blasius Namakhwa, koma mukadafika pa Phalula zaka zimenezo n'kufunsa dzina limeneli, anthu akadangokuyang'anani pakamwa. Kumeneko ankadziwika kuti a Magalasi. Dzinali linayamba ngati chipongwe, eni ake n'kulitola, n'kumaliyankha mokweza mpaka olipekawo kutopa nalo.

Kwawo kunali ku Nsanama, kutsidya kwa Shire. Ku Phalula anabwera kudzakwatira Clementina, n'kukhala pachikamwini monga mwa mwambo: mwamuna amatsata mkazi, namanga nyumba pa nthaka ya akuchikazi. Atangokhala zaka ziwiri m'banjamo, msonkho unawathamangitsira ku Halale m'chaka cha 1935. Kumeneko anapeza ntchito yosesa pa sukulu ina ya ana a azungu, ndipo chipinda chimene anawapatsa kuti azisesa chinali chophunziriramo sayansi. Zaka khumi ndi chimodzi a Blasius anatsuka timabotolo ndi kupukuta makabati, makutu ali tcheru kumva zimene mphunzitsi ankanena. Ankaona tiana tosadziwa n'kupukuta mamina tikuseweretsa zipangizo zimene iwo, munthu wandevu zake, ankaloledwa kuzikhudza ndi chiguduli chokha. Zimenezi zinkawapweteka mtima, ndipo ululuwo anabwerera nawo kumudzi.

Anafika mu 1946, ndipo mudzi wonse unasonkhana kudzaona katundu wa mtchona. Anzawo ankabwera ndi njinga, masuti ndi magalamafoni. A Blasius atatsegula bokosi lawo lachitsulo, pamwamba panali bulangete limodzi ndi nsalu ziwiri za Clementina. Pansi pake, zokulunga m'nyuzipepala, panali zinthu zimene azungu anataya kudzala: maginito awiri, magalasi okulitsa zinthu, galasi la ngodya zitatu lobenthuka mbali imodzi, ndi chipangizo chamkuwa chothyoka mwendo chimene azungu amati maikulosikopu.

Ambrose, mlongo wake wa Clementina, amene analinso mwini mbumba pamudzipo, anasuzumira m'bokosimo n'kuomba m'manja.

"Alamu, zaka zonsezi mwatibweretsera magalasi? Ndiye tiziwadya?"

"Iyayi alamu, muziyang'anamo," anayankha a Blasius. "Kudya mukudya kale, mimba ikuchitira umboni."

Anthu anaseka, koma Ambrose sanaseke nawo. Dzina la Magalasi linabadwa tsiku limenelo, ndipo chidani cha alamu awiriwa chinabadwanso tsiku lomwelo.

A Blasius ndi Clementina sanachite mwayi wa mwana. Anthu ankalankhula, monga amachitira anthu, koma pakhonde pawo sipankasowa ana. Poyamba ankabwera kudzaona maginito akukoka misomali pansi pa mbale. Kenaka anadzaona galasi lobenthuka lija likuswa kuwala kwa dzuwa n'kutulutsa utawaleza pakhoma, kunja kulibe ndi mtambo womwe. A Blasius atakonza mwendo wa chipangizo chamkuwa chija ndi mtengo wa mlombwa, ana anangochitcha Diso, ndipo ankakanganirana kuikamo phiko la ntchentche kapena tsitsi la mnzawo. Khonde linachepa. A Blasius anaganiza zomanga khumbi lalikulu lozungulira, loti mwana aliyense azilowamo n'kugwira chilichonse ndi manja ake.

Atapempha nsungwi za kudambo la mbumba, Ambrose anakana. Anati nsungwizo n'zolukira nkhokwe, osati zomangira masewera, n'kuwonjezapo kuti mkamwini asamakule mwendo. Munthu wina akadagwa mphwayi. A Blasius anangonola chikwanje chawo n'kuuyatsa wa ku Nsanama, kumene amalume awo anali ndi nsungwi zambiri m'munsi mwa phiri. Anayenda maulendo atatu, mitolo ili pamutu, kuwoloka Shire pa pantoni, chibwato chowolotsa anthu pa Liwonde, anthu akuwafunsa ngati ku Balaka nsungwi zinatha. Udzu wofolera anamweta ndi amayi a ana omwe aja. Denga analiluka pansi, monga ankachitira onse masiku amenewo, kenaka n'kulikweza lathunthu pamwamba pa makoma.

Pamwamba pa dengalo a Blasius anasomekapo chivundikiro cha debe la palafini chimene anachiboola ndi msomali, n'kutseka bowolo ndi kagalasi kuti mvula isadonthe. Dzuwa likafika paliwombo, kadontho ka kuwala kankagwera pansi m'khumbimo. Loweruka lililonse ana ankakhoma kachikhomo pamene kadonthoko kagwera. Chitatha chaka anaona okha kuti dzuwa limayenda, n'kubwerera m'mapazi ake omwe, ndipo anayamba kudziwa chikhomo chimene mvula imayandikira. Palibe anawauza zimenezo. Anachita kuzitulukira, n'kuthamanga kukauza a Blasius ngati kuti iwo sankadziwa.

Makoma anali a Clementina. Mayiyu anali katswiri pa kuzira, ndipo ankadziwa kokakumba katondo wofiira, makande akuda ndi dothi loyera la kumtsinje. Mwana akaona chinthu m'Diso, ankachijambula pansi ndi chala, Clementina n'kumuthandiza kuchikweza pakhoma. Posakhalitsa m'khumbimo munali udzudzu waukulu ngati mbuzi, mwendo wa utitiri wautali kuposa munsi, ndi duwa la thonje lotsegula mkati mwake. Koma zake zenizeni za Clementina zinali nkhanga. Ankayamba kujambula kumchira, ndipo pofika kukhosi malo ankakhala atamuthera, ndiye mutu ankaupotolera kumbuyo. Nkhanga zake zonse zinali zocheuka.

"Mayi, nkhanga zanuzi zikuyang'ana ndani kumbuyoko?" anamufunsa tsiku lina a Blasius, ana akumva.

"Zikuyang'ana kunjira," anatero Clementina osasiya kupaka. "Zinazolowera kudikira munthu wina amene anati akubwera chaka chamawa, n'kutha zaka khumi ndi chimodzi."

A Blasius anangokanda m'mutu.

Khumbilo silinali la munthu mmodzi. Hamadi, telala wa pamsewu, ankatumiza timaduka ta choko ndi zigamba za nsalu. Munthu wina wogwira ntchito kunjanji ku Balaka ankabweretsa mawaya ndi mabatire otha. Mayi Sakina, Msilamu wamasiye woumba mbiya kutsidya kwa kamtsinje, ankabwera ndi dongo pamutu Lachitatu lililonse n'kuphunzitsa ana kuumba, mdzukulu wawo Lukiya atakhala kutsogolo. Panalibe wolipira, panalibenso wolipidwa. Ana ovala mendulo ya Maria ndi ana opita ku madarasa ankagundanitsa mitu pa Diso limodzi, n'kumatukwanizana m'Chinyanja ndi m'Chiyao mofanana.

Madandaulo sanalephere. Mayi wina anafika atamanga nsalu m'chiuno, kuti mwana wake akukana kumwa madzi a pachithaphwi chifukwa akuti muli zilombo zosambira. A Blasius sanatsutsane naye. Anatunga dontho la madziwo, n'kumuuza kuti atsinzine diso limodzi. Mayiyo anayang'ana nthawi yaitali, n'kudzuka, n'kulavula, n'kumapita osatsanzika. Mawa lake anabwera ndi ana ena awiri.

Mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya mishoni, munthu wa tayi ngakhale m'chilimwe, anabweranso kudzachenjeza kuti boma sililola sukulu yopanda chilolezo.

"Aphunzitsi," anatero a Blasius, "muno mulibe belu, mulibe fizi, mulibenso ndodo. Ndiye ndi sukulu yanji? Ili ndi khumbi chabe. Kodi boma layamba kulemba makumbi?"

Mphunzitsiyo anachoka akupukusa mutu, koma asanachoke anapempha kuti naye aone phiko la ntchentche.

Zinayenda choncho zaka zisanu. Njala ya 1949 inachepetsa ana, koma khumbi silinatsekedwe. Kenaka mu Seputembala wa 1952 Clementina anadwala chifuwa masabata awiri okha n'kumwalira. A Blasius analira poyera ngati mwana, osasamala kuti pali amuna anzawo. Ana a m'khumbi anaimba pamaliropo, Akhristu ndi Asilamu omwe, ndipo palibe anawaletsa.

Pachikamwini, mkazi akamwalira mwamuna sakhalanso ndi mizu. Atameta maliro, kumapeto kwa Okotobala, ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi m'mawa kuti awasudzule a Blasius, kutanthauza kuwamasula kuti abwerere kwawo. Pakadakhala ana, mwina akadawauza kuti akhale alere ana. Panalibe. Ambrose analankhula mwachidule: alamu atenge khasu lawo, nkhwangwa, mphasa ndi bokosi lawo la magalasi. Nyumba ndi khumbi zili pa nthaka ya mbumba. Khumbilo iye adzasungiramo thonje chaka chamawa, popeza ndi lalikulu ndipo silidontha.

"Nanga ana?" anafunsa a Blasius.

"Ana ake ati? Munabala ana inu?"

Mawu amenewo anali oipa, ndipo ngakhale ankhoswe a Ambrose anayang'ana pansi. A Blasius anapatsidwa masabata awiri kuti alongedze.

Mbiri itamveka, mphunzitsi wa tayi uja anabwera ndi uthenga umene iye ankauona kuti ndi wabwino, ndipo pena unalidi wabwino. Anthu ena achifundo a ku Ulaya anali atamangitsa chipinda cha njerwa pa sukulu ya mishoni, chofolera malata, chokhala ndi mawindo agalasi. A Blasius atha kusamutsira zipangizo zawo kumeneko, n'kupatsidwanso kanyumba kogona. Panali zinthu ziwiri zokha: olowa m'chipindamo akhale ana olembedwa m'kaundula wa mishoni, ndipo Diso lizikhala m'kabati yokhoma kuopa kuti ana angaliononge.

Munthu wopanda pogona, mvula ili pafupi, amayenera kugwada n'kuthokoza. A Blasius anafunsa kaye kuti, "Lukiya, mdzukulu wa mayi Sakina, alowa?"

"Akayamba kalasi ya ubatizo, alowa."

"Ndiye mukawathokozere achifundowo, aphunzitsi, ndipo ndikunena kuchokera pansi pa mtima. Koma kabati yokhomayo ndikuidziwa. Ndinaipukuta zaka khumi ndi chimodzi ku Halale, ndili kunja kwa galasi. Sindinasenze Diso ili mtunda wonsewu kuti ndidzakhomere kunja mwana wa munthu wina."

"Mugona kuti, a Namakhwa?"

"Pamene agone magalasi anga."

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, mayi Sakina anawoloka kamtsinje kaja ndi ndodo yawo. Sanakhale ndi pansi pomwe.

"Che Blasiyo, ndamva zimene mwamuyankha mphunzitsi. Pafupi ndi pamene ndimakumba dongo pali malo, pansi pa mlambe. Malowo ndi anga, anandisiyira amayi anga, ndipo palibe mlongo aliyense angandiuze chochita. Kamangeni pamenepo. Amene afune kulankhula alankhule, pakamwa m'pawo."

Malo anapezeka, koma denga ndiye linali vuto. Mitengo ya makoma munthu amadula tsiku limodzi. Udzu wofolera mu Okotobala suoneka. Tchire lonse linali litapsa, mpaka ku mapiri kunali kwakuda bii. Wina wabwino ukadadzapezeka mu Juni. Ana anayang'ana zikhomo zawo n'kunena kuti kadontho ka dzuwa katsala pang'ono kufika pa chikhomo cha mvula. Popanda denga, khumbi likadafa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo a Blasius ankadziwa kuti ana akabalalika sasonkhananso.

Anaitanitsanso ankhoswe, n'kuimirira pamaso pawo chipewa chili m'manja.

"Akuluakulu, mwambo sindikuutsutsa. Chozikika m'nthaka n'cha mbumba. Makoma atsale, nsanamira zitsale, mango amene ndinabzala atsale. Koma denga lija silinazikike paliponse, langokhala pamwamba. Udzu anamweta ndi amayi a ana. Nsungwi ndi za amalume anga ku Nsanama. Alamu angawa akukumbukira chifukwa chake ndinakazitenga kutali chonchija."

Ambrose anafuna kulankhula, koma nkhoswe yake yomwe, nkhalamba yopanda mano, inamugwira mkono. Inati inaliko tsiku limene Ambrose anamana mlamu wake nsungwi, ndipo chimene unakana kuthandiza kumanga sungachitche chako. Denga ndi la mkamwini.

"Chabwino," anatero Ambrose. "Mutu umodzi susenza denga. Tione amene akusenzereni, chifukwa mwamuna aliyense wa mbumba ino sakhudzako." Kenaka analankhula motsitsa, ndipo apa sankanyozanso. "Koma alamu, mwaganiza za makoma? Mukachotsa denga, mvula yoyamba itsuka zonse zimene mlongo wanga anajambula. Ine ndimati ndiziika thonje, inde, koma manja ake akadakhalapo. Ndi chokhacho chatsala cha iye. Inu ndi amene mumufafanize."

Zimenezi zinali zoona, ndipo a Blasius anadziwa kuti n'zoona. Ambrose anali munthu wouma mtima, koma mlongo wake ankamukonda. A Blasius anachoka pabwalopo n'kulowa m'khumbi okha. Anazungulira khoma lonse pang'onopang'ono, kuyambira pa udzudzu uja mpaka pa nkhanga za pakhomo. Pamalo ena zala za Clementina zinkaoneka bwinobwino m'dothimo, ndipo anaika zala zawo momwemo. Analibe chithunzi chake, analibe mwana wofanana naye nkhope. Anakhalamo mpaka kadontho ka dzuwa kanadutsa zikhomo zonse n'kukwera khoma.

Atatuluka maso anali ofiira. "Alamu," anatero, "mlongo wanu sankajambulira thonje. Ankajambulira ana. Denga lichoka Loweruka."

Masiku anayi anazika mitengo pansi pa mlambe wa mayi Sakina. Loweruka m'mawa amuna a mbumba anakhala pakhonde la Ambrose kuti aonerere mkamwini akuchita manyazi. Oyamba kufika anali ana, oposa makumi atatu, ena ataliatali otha kale kulima. Kenaka anafika amayi awo, nkhata zili m'manja, ndipo patsogolo panali mayi uja wa madzi a pachithaphwi. Hamadi anatseka mashini ake n'kubwera ndi zingwe. A Blasius anadula luzi lomangira denga ku makoma, anyamata n'kulowetsa mitengo iwiri yaitali pansi pake, ndipo mayi Sakina anayambitsa nyimbo ya pamtondo kuti mapazi agwirizane.

Denga linanyamuka. Linapendekeka kamodzi, amayi n'kukuwa, kenaka linakhazikika pamitu ndi pamapewa. Amene anaona ali patali ankati linkaoneka ngati bowa wamkulu wa miyendo yambiri akutsikira kumtsinje. Tiana tosafikira tinkayenda mkati, manja ali m'mwamba, tikukhulupirira kuti nato tasenza. Podutsa pakhonde la Ambrose palibe ananyoza. A Blasius anangovula chipewa monga amachitira mkamwini waulemu, n'kupitirira. Mdzukulu wake wa Ambrose weniweni anali m'gulu la osenzawo, ndipo sanayang'ane kumene kunali agogo ake.

Dzuwa lisanafike paliwombo denga linali litakhala pa mitengo yatsopano, ndipo kadontho ka kuwala kanagwera pa dothi la mayi Sakina. Ana anakhomapo chikhomo choyamba.

Abale awo atabwera kuchokera ku Nsanama kudzawatenga, a Blasius anakana kupita. Anamanga kachisakasa kumbali kwa khumbilo, n'kukhala pamenepo mpaka imfa yawo zaka zisanu ndi ziwiri pambuyo pake. Koma zimenezo n'zam'tsogolo.

Mvula yoyamba inagwa patatha masiku asanu ndi anayi chisamutsire denga, masana, yamphamvu ndi mphepo. Ana anathamangira m'khumbi latsopano, koma a Blasius anatuluka. Anawoloka kamtsinje madzi asanadzaze, n'kukaima patsogolo pa makoma akale opanda denga aja. Anapeza Ambrose ataima kale pomwepo, naye wopanda chofunda. Sanapatsane moni. Anaonerera limodzi katondo akusungunuka n'kutsika khoma m'mizere yofiira. Udzudzu unayamba kutha, kenaka duwa la thonje. Nkhanga za pakhomo zinalimba kanthawi, kenaka nazo zinatsetsereka n'kusanduka matope pamapazi pawo. Amuna awiriwo ankalira, ndipo mvula inawathandiza kubisa.

Kutacha bwino patapita masiku angapo, amayi anamata makoma a khumbi latsopano. Khomalo litauma, a Blasius anafika m'mawa wina kuchokera kumunda n'kupeza Lukiya atagwada pakhomo, mbale zitatu za dothi zili pambali: lofiira, lakuda ndi loyera. Palibe anamutuma. Anali atayamba kumchira, monga anaonera, ndipo tsopano anali pakhosi. Khoma linali lalikulu, lopanda kanthu, malo otambasulira khosi la nkhangayo anali ambirimbiri kutsogolo kwake.

Lukiya ananyika chala m'dothi lakuda, n'kupotolera mutuwo kumbuyo.

"Mwanawe," anatero a Blasius, "malo alipo ambiri kutsogoloku. Bwanji waicheutsa?"

Mtsikanayo anawayang'ana modabwa, ngati afunsa chinthu chimene aliyense amadziwa.

"Nkhanga imajambulidwa chonchi, agogo. Imayang'ana kunjira."

A Blasius anatula khasu lawo pansi, n'kugwada pambali pake, n'kumugwirira mbale ya dothi loyera kuti aike mawanga.